Mwendo Wokuliramo

Adokotala atamasula nsanza zimene zinakulungidwa pa kamwendo ka mwanayo, mayi wake anayang'ana kukhoma. Fungo lokha linali litamuuza kale. Pamene panali khungu losalala panali bala lofiira, lonyowa, lalikulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola.

"Mwendo wopangawu auvule," anatero adokotala. "Asauvalenso mpaka balali litapola. Mukachita makani, lilowa mpaka pafupa, ndipo tidzakamba zodula pamwamba pa bondo."

Mwanayo anthu onse a mumsewu wawo ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankazima. Koma tsiku limenelo anangokhala duu pabenchi. Mayi wake anamubereka, n'kunyamula mwendo wapulasitiki uja m'jumbo ngati katundu wakuba.

Ndikufuna ndikuuzeni za mayi ameneyu, inu amene munayesa kumuchitira mwana wanu zabwino koma n'kumupweteka ndi manja anu omwe.

Sukulu anaisiyira ku sekondale atatenga pakati. Mwana anabadwa wathanzi, wolira mokweza, koma mwendo wakumanzere unathera pansi pa bondo. Bambo wa mwanayo anabwera kuchipatala, anavundukula kansalu, n'kunena kuti, "Kwathu kulibe zotere." Kenako anati akukagula mayunitsi. Mpaka lero akugulabe.

Amake Wailesi analibe nthawi yokhala pansi n'kumalira. Anapita kwa mayi wina wa shopu yosoka zovala, amene anthu ankamutcha mayi Sizasi chifukwa lilime lake linkadula kuposa chitsulo. Anayamba n'kusesa ndi kusita, kenako kusokerera mabatani, kenako kupinda masiketi. Patapita zaka anali ndi mashini akeake pakona, pafupi ndi windo.

Wailesi anakulira pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Ankatola tizidutswa n'kumaveka zidole, kwinaku akufunsa makasitomala mafunso osafunsika. "Anti, diresi limeneli mukwanamo? Chaka chatha munali ochepa." Mayi Sizasi ankamuopseza kuti amusoka pakamwa, koma masana ankamugawira nthochi.

M'nyumba mwanayo ankadumpha ndi mwendo umodzi, kugwira mpando, kugwira chitseko. Ndodo ankazikana, ati zimamupweteka m'khwapa. Ulendo uliwonse wautali unali wa pamsana. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi si khanda. Mayi ake akafika kushopu ankayamba wakhala kaye pansi, msana ukuwotcha.

Nthawi yoyamba sukulu itayandikira, Wailesi ananena maganizo ake poyera.

"Ine kusukulu sindipita pamsana. Anzanga adzati ndine thumba la makala."

"Ndiye upita bwanji?"

"Ngati anthu."

Sukuluyo inali kuseri kwa msika, pamtunda. Amake Wailesi anadziwa kuti mwanayu akanena wanena. Akapanda kuyenda yekha, sukulu saiona, ndipo adzakalambira pansi pa tebulo lomwelo.

Kasitomala wina ndiye anawauza za malo ena kutsidya kwa tauni, kumene mmisiri wina ankapanga miyendo ndi manja a ana pogwiritsa ntchito makina atsopano. Anati okhala kutali safunika kupitako kaye. Umangoyeza mwendo wa mwana ndi tepi, n'kutumiza miyezo ndi zithunzi pafoni.

Kuyeza inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Anamukhazika Wailesi patebulo, n'kuyeza kuzungulira bondo, kuzungulira pakati, kuzungulira kumapeto. Sanalakwitse paliponse. Koma polemba pafoni, pa muyezo uliwonse anawonjezera zala ziwiri.

Musamuweruze msanga. Mayi ameneyu moyo wake wonse anavala zokuliramo. Yunifolomu yake yoyamba inkafika m'mapazi. Nsapato ankaziika mapepala kutsogolo, ndipo pamene phazi linkadzakwana, nsapatoyo inali itatha kale. Kushopu mayi aliyense wobwera ndi mwana ankanena mawu amodzimodzi: "Musiyeko malo, akukula ameneyu." Iye anaganiza kuti chinthu chodula ngati mwendo munthu amalandira kamodzi. Mwana akakula n'kuthina, adzapitanso kwa ndani?

Mwendo unabwera pabasi, m'katoni, wamtundu wapepo monga mwini wake anapemphera. Kumtunda kwake kunali kapu yolowetsamo kamwendo. Wailesi atauvala, kapuyo inali gwedegwede. Mayi ake anatola tizidutswa ta nsalu n'kutsekera m'mbali.

"Amayi, ukuluma."

"Uzolowera. Nsapato yatsopano imaluma."

Mwanayo ankafunitsitsa sukulu moti analuma mano n'kumayenda. Anasiya kudandaula. Madzulo ankavula yekha, n'kudzikulunga nsanza mayi ake asanaone. Mpaka tsiku lija thupi linatentha, n'kupezeka ali pamaso pa adokotala.

Sukulu inatsegulidwa Wailesi ali pansi pa tebulo, bandeji ili mbee. Ana ovala yunifolomu akamadutsa pawindo, iye ankatembenukira kukhoma. Makasitomala anayamba kufunsa kuti kodi mwana uja wapita kwa agogo ake.

Tsiku lina mayi Sizasi anaimitsa mashini awo.

"Chimwendo chija chili kuti?"

"Pamwamba pa kabati."

"Chikuikira mazira? Pita nacho kwa eni ake."

"Akandinyoza, amayi. Adzati tinakupatsa chinthu chabwino, iwe wachiwononga. Ndiyambira pati kufotokoza?"

"Uyambira pa moni. Iwe mwana, safunsa anadya phula. Ine ndakunyoza zaka zonsezi, wafa? Loweruka usabwere kuno. Ukabwera ndikuthamangitsa ndi simbi."

Loweruka anabereka mwana, ananyamula jumbo, anakwera mabasi awiri. Malowo anawapeza kuseri kwa galaja, chipinda chimodzi chachikulu chokhala ndi masola padenga. Pakhoma panapachikidwa manja ndi miyendo ya mitundumitundu, ina yaing'ono ngati ya chidole. Pakona makina atatu ooneka ngati makabati agalasi ankalira mwakachetechete.

Mmisiriyo anali bambo wamtali, wa magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Anagwada pamaso pa Wailesi, anapempha kaye chilolezo, n'kuyang'ana bandeji. Kenako anayeza kamwendo kumtunda kwa bala, anayeza kapu, n'kuyezanso kamwendo.

"Mayi, tepi yanu ili bwinobwino? Nthawi zina imatamuka ikakalamba."

Amake Wailesi akanatha kuinamizira tepi. Khomo linali lotsegula, ndipo amisiriwo ndi amene analitsegula.

"Tepi ilibe mlandu, bambo. Ndinawonjezera ndine. Zala ziwiri. Ndimati akuliremo."

Amisiri anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Amake Wailesi anadikira mawu owawa. Koma bamboyo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wakumbukira zakwawo.

"Ine buluku langa loyamba ndinkalimangira m'khwapa," anatero. "Ndikanayenera kuganiza. Ndinakuuzani poyeza, koma sindinakuuzeni kuti mwana akakula timapanga kapu ina. Mlanduwu tigawane. Bwerani muone."

Anawatengera pa makina amodzi. Pamwamba pake panali chiguduli cha ulusi wapulasitiki, wonenepa ngati chingwe cha nsapato. Ulusiwo unkalowa m'kamphuno kotentha, n'kutuluka wofewa. Kamphunoko kankayenda uku ndi uku, kusanja mzere pamwamba pa mzere, ndipo pansi pake dzanja la mwana linali kumera pang'onopang'ono, kuyambira pachikhatho.

Amake Wailesi anayang'ana nthawi yaitali. Mantha amene anabwera nawo anayamba kutha.

"Ndi mashini osokera awa," anatero. "Kungoti nsalu akupanga okha."

"Mwatero kumene. Ndipo kapu ikathina sititaya. Timaiphwanya, timaisungunula, imakhalanso ulusi. Mwendo wa mwana wanu uzikula naye limodzi. Safunika kuudikira kuti aukwane."

Bamboyo akayamba kukamba za makina ake sankaona kuti dzuwa lapendeka. Anati mawa makina otere adzakhala pa chipatala chilichonse, ngakhale cha kumudzi kwenikweni, chifukwa dzuwa lowayendetsa lili paliponse. Anati kwina anthu akuyesa kale miyendo yomvera maganizo a mwini wake, ndipo mawa kudzabwera ina yoti ukaponda simenti yozizira uzimva kuzizirako. Anati zidzukulu za zidzukulu zathu zidzadabwa kumva kuti kale mwana ankalephera sukulu chifukwa cha mwendo, monga ife timadabwira kumva za matenda amene anatha tisanabadwe.

"Zidzukuluzo zidikire kaye, bambo," anatero amake Wailesi. "Anzake a uyu ayamba kale kulemba a e i o u."

Pamenepo Wailesi, amene anali chete kwa masabata, anatsegula pakamwa.

"Ankolo, inu chilichonse ndi mawa, mawa. Dzina lanu ndinu Ankolo Mawa?"

Dzinalo linakhala. Koma atamufunsa ngati akufuna mwendo wina bala likapola, anapukusa mutu.

"Sindifuna. Umaluma. Ndipo ukanena kuti ukuluma, anthu amati uzolowera."

Sanayang'ane mayi ake ponena mawuwo. Mayi akewo anawerama n'kuyamba kukonza jumbo imene inali yokonzakonza kale.

Bala la pulasitiki adokotala ankalitsuka ndipo linkapola. Bala linalo linalibe mankhwala. Amisiri anati mwana sakakamizidwa mwendo, azingobwera kudzacheza. Choncho Loweruka lililonse masana, akaweruka kushopu, awiriwo ankakwera mabasi awo awiri.

Amake Wailesi sankatha kukhala manja ali pamwendo. Ataona masokosi ofewa amene ana amavala mkati mwa kapu, anafunsa ngati angasokeko. Oyamba anawabweza, chifukwa msoko unali mkati ndipo ukanadya khungu. Anasoka ena, msoko uli kunja. Amenewo analandiridwa.

Kenako anapempha amisiri kuti amuphunzitse kuyeza kwa makina. Kumeneko sagwiritsa tepi yokha. Umatenga foni n'kuzungulira nayo mwendo wa mwana mofatsa, ndipo chithunzi cha mwendowo chimatuluka pakompyuta, chotembenuzika mbali zonse. Iye anayesa. Mwendo woyamba unatuluka ngati mbatata. Wachiwiri unali ndi mabondo awiri. Wailesi anaseka mpaka kugwa pampando, ndipo kuseka kumeneko mayi ake anakulandira ngati malipiro.

Chizungu cha pakompyuta chinkamuzunguza mutu. Masiku ena ankabwerera kunyumba akudziuza kuti zimenezi n'za anthu amene anamaliza sukulu. Koma amisiri anamuikira pafoni pulogalamu yoti ukaifunsa ndi pakamwa imakuyankha m'chinenero chako. Ankaifunsa akuchapa, ankaifunsa ali pamzere wa basi. Funso limodzi ankatha kulibwereza mpaka kulimvetsa, ndipo sinkatopa naye kapena kumufunsa kuti analekezera kalasi yanji.

Mayi Sizasi ankamuyang'ana cham'mbali. "Tsopano ukucheza ndi foni ngati chibwenzi. Bola chimenechi sichikupatsa mimba."

Bala linapola, n'kusiya chipsera chaching'ono chowala. Palibe anatchula za mwendo. Loweruka lina kunabwera kamtsikana kena kodzatenga kapu yachitatu, ndipo potuluka kanathamangira minibasi, mayi ake akukakuwira kuti kadikire. Wailesi anakaonera pakhomo mpaka kanakwera.

"Ankolo Mawa, batani loyambitsa makina ndi liti?"

"Ili lobiriwirali."

"Ndikadina ndekha, mwendowo ukhala wanga?"

"Wakowako."

"Chabwino. Koma andiyeze amayi. Ndipo ukandiluma ndivula. Amayi, mwamva? Musadzanene mawu aja."

"Sindidzanena, mwanangu."

Anagwada ndi foni n'kuzungulira kamwendo ka mwana wake, mpweya ataugwira. Chithunzi chinatuluka choyera, ngakhale chipsera chinkaoneka. Amisiri anamusonyeza pamene kapu iyenera kugwira zolimba ndi pamene iyenera kupatsa fupa mpata, ndipo anamusiya kuti alembe yekha manambala. Chala chake chinaima m'malere. Mtima wa umayi unkanong'ona kuti kachala kamodzi kokha, mwanayu akudya bwino masiku ano. Analemba zimene anayeza, n'kukhalira manja ake.

Wailesi anadina batani. Anakokera mpando pafupi ndi galasi n'kumaonera mwendo wake ukumera.

"Ankolo, ndikadzakhala agogo, mwendo wanga udzakhalanso wa agogo?"

"Pofika nthawi imeneyo udzakhala ukuthamangitsa zidzukulu, izo n'kumatopa."

"Nanga inu mudzakhalapo?"

"Ine ayi. Koma padzakhala wina amene anaphunzira kwa wina amene anaphunzira kwa amayi akowa."

Amake Wailesi anayang'ana manja ake. Moyo wake wonse, tsogolo linkathera pa mapeto a mwezi. Aka kanali koyamba kuganiza za anthu amene sadzawaona, ana a zaka zimene sizinafike, akuyenda pa ntchito ya manja ake. Anaona kuti maganizowo si olemera monga ankaopera.

Kapu itatha amisiri anailumikiza ku chitsulo ndi phazi. Wailesi anavala sokosi, analowetsa kamwendo, anaimirira atagwira tebulo. Anayenda mpaka pakhomo n'kubwerera. Kenako anaima, nkhope itakwinyika.

"Ukuluma apa."

Mawu akale aja anafika mpaka pamilomo ya mayi ake. Anawameza. Anatulutsa choko chosokera m'thumba la epuloni.

"Ndilozere bwinobwino. Apa? Kapena apa?"

"Apa."

Mayi ake anamuvula mwendowo, anaona kadontho kofiira pakhungu, n'kulemba mtanda pa kapu pamalo omwewo. Amisiri anafewetsa pamenepo ndi mpweya wotentha n'kukankhira kunja pang'ono. Anayesanso. Panapezeka pena. Analembanso. Anatero mpaka mwanayo anayenda kuzungulira chipinda chonse akulongolola za mtundu wa chikwama chimene akufuna.

Sanapite kusukulu mawa lake. Masiku oyamba ankauvala kanthawi kochepa, kenako kuvula n'kuyang'ana khungu. Kenako mpaka pa golosale. Kenako mpaka kushopu, kumene mayi Sizasi anayang'ana, n'kunena kuti chitsotso chawalowa m'maso, nsalu za masiku ano n'zafumbi. Amake Wailesi anapita kukaonana ndi aphunzitsi aakulu, amene anati mwanayo abwere, zimene anzake aphunzira adzazipeza.

M'mawa wa Lolemba ananyamuka anthu akutsegula kumene mashopu. Wailesi anali patsogolo, chikwama kumsana. Mayi ake anali pambuyo, nsalu yoberekera ataipinda m'jumbo mwakabisira.

Mpaka pamsika zinayenda bwino. Chitunda ndicho chinavuta. Pakati pake mwanayo anaima, thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba. Ana ena ankawadutsa, ena akucheuka kuyang'ana mwendo wapepo. Kumtunda belu linalira.

Mayi ake anapita patsogolo pake n'kunjuta, kumupatsa msana.

"Kwera, ndikakutsitsa tisanafike pageti. Palibe aone."

"Ukuluma ndanena?"

"Ayi."

"Ndiye imirirani, amayi. Ndangotopa. Anthu amatopa."

Anaimirira. Anadikira pambali pa msewu mpaka mpweya wa mwanayo unabwerera. Kenako anayambanso, phazi ili, phazi ilo, osathamanga. Anafika anzawo atalowa kale m'makalasi, pabwalo pali zii. Mlonda wa pageti anatsegula osafunsa kanthu.

"Inu mubwerere pompano," anatero Wailesi. "Kalasi ndikaipeza ndekha. Ndili ndi pakamwa."

Anadutsa bwalo lonse yekha, chikwama chikugwedezeka. Pa khonde panali sitepe yaitali. Anaiyang'ana, anagwira chipilala, anakwera. Anagogoda pachitseko, ndipo chitatseguka analowa osacheuka.

Mayi ake anatsika chitunda chija msana uli wopepuka moti ankayenda ngati waiwala kanthu. Masiku ano m'mawa amasoka kwa mayi Sizasi, masana amayeza ana kwa amisiri, ndipo wayamba kuphunzitsa amayi ena awiri.

Tsono mnzanga, mwina nawe wakhala ndi cholakwa chako pamwamba pa kabati, ukuopa kupita nacho kwa anthu. Mwina ukamva za makina atsopano umati zimenezo n'za ophunzira, ife zathu zinada. Ayi. Dziko likubweralo likufuna manja, ndipo ako ndi manjanso. Samba, valira, kwera basi, ukagogode. Ukalephera lero ukabwerenso Loweruka. Mtima wako usautaye panjira, ana amene sanabadwe akuudalira.